Beseni la Mchere Lomwe Linathetsa Timu ya Mdzukulu Wanga

Malemu amuna anga, bambo a Esnati, anandichenjeza kalekale. Linali tsiku limene ndinabisa wailesi yawo m'thumba la ufa wa kondowole poopa alendo amene anadzaza pakhomo nthawi ya maliro a apongozi. Alendowo sanabe kanthu, koma wailesi inatuluka itayera mbuu, ikulankhula ngati munthu wa chimfine. Bambowo anaipukuta pang'onopang'ono, kenako anati, "Mayi a Esnati, inu simudzaberedwa. Inu mudzalondera chinthu mpaka kuchipha nokha." Ndinawayankha kuti bola wailesi ya chimfine ili m'nyumba mwanga kusiyana ndi yomveka bwino ili m'nyumba mwa wina. Akanakhala moyo lero akanaseka mpaka kugwa pampando, ndipo ine ndikanawamana ndiwo.

Ndivomere poyamba: ine sindikhulupirira munthu. Chinangwa changa ndikachiviika kudambo, ndimapingasapo kaudzu mwa njira yanga, kuti m'mawa ndikadziwe ngati dzanja lalowamo. Nkhuku ndimaziwerenga polowa, ndipo ndimabwereranso kukaziwerenga ngati mnansi wandipatsa moni wautali. Choncho musadabwe ndi zimene ndikufotokozereni. Dabwani kuti zinatenga zaka zambiri chonchi kuti zichitike.

Mwana wanga Esnati anapita ku Joni monga amapitira anthu ambiri a kuno ku Kande, nandisiyira kamwana kake, Lusungu, kakadali kokodzera pamphasa. Poyamba kunkabwera makatoni. Kenako kunkangobwera mawu pafoni. Ndiye Lusungu ndinamlera ndekha, ndipo m'nyumba muno mawu a munthu wina amene ndinkamva anali ake okha.

Atafika fomu thuu, ndinaona kuti ndikamtuma kuchigayo amachedwa. Sindinamfunse (wofunsidwa amakonza bodza). Ndinamtsatira, ndikubisala kuseri kwa mabenchi a tomato ngati wapolisi wa zovala wamba. Analowa m'kanyumba ka ometa tsitsi, ufa atausiya pakhomo. Nditasuzumira pazenera ndinapeza TV ya sola, pa TV-po timatimu tiwiri tikusewera mpira, ndipo mdzukulu wanga atakhala pa kreti, m'manja muli kanthu kakuda kokhala ngati nkhanu. Kanthuko amati padi. Ukakadina ndi zala, tianthu ta pa TV timathamanga, kupatsirana ndi kuchinya. Pambali pake panali bambo wandevu, wa ana atatu, amene ndimamdziwa bwino, akutuluka thukuta. Lusungu anali atammwetsa zigoli zisanu. Ndinamtulutsa ndi khutu. Ometa tsitsi ananditsatira mpaka pamsewu akuchonderera kuti, "Ama, mwanayu ali ndi zala za golide!" Ndinati zala za golidezo zikasendereko chinangwa.

Sizinathandize. Atamaliza sukulu anagwirizana ndi anyamata awiri, Gomezgani wokonza mainjini a maboti ndi Timoti woperekeza alendo a ku loji, n'kuyambitsa timu. Anaitcha Nkhungu za ku Kande, ati chifukwa nkhungu umaiona patali panyanja ngati utsi, ukazindikira yakulowa m'maso ndi m'mphuno. Ulendo wawo woyamba wa ku boma anapita pa matola, anagonja, nabwerako wapansi kuchokera ku Chintheche. Wachiwiri anapita ku Mzuzu nabwerako ndi mphoto: ketulo ya magetsi. Nyumba yanga ilibe magetsi. Ndimasungamo mbewu ya nyemba, ndipo anankafumbwe salowamo, ndiye sindinganene kuti masewerawa analibe phindu.

Zinthu zinasintha pamene bambo Kachingwe, mkulu woyendetsa loji ina ya kunyanja kuno, munthu wa ku Dedza, anawaona akugonjetsa alendo a pa lojipo mmodzimmodzi. Anawapatsa chipinda chokhala ndi jenereta, majeze achikasu, ndi kangachepe pa mwezi. Anasainirana mapepala. Ndinapita ndekha kukaliwerenga pepalalo, kawiri, ndi kuseri komwe kunalibe chilembo. Kuyambira pamenepo gemu inasanduka ntchito: kulowa m'mawa, kuweruka madzulo, kuonera mmene matimu ena amasewerera, kulemba m'kope. Lusungu anali kaputeni. Amayi anzanga a kutchalitchi akandifunsa kuti mdzukulu amagwira ntchito yanji, ndinkati ali ku loji, mbali ya zamagetsi.

Koma kunena zoona, mtima wanga unakhala pansi. Mwana ankagona pakhomo. Ankabwera ndi sopo. Madzulo ankandifotokozera zigoli zimene sindinkazimva, ine n'kumangoti "eya, eya", ndikusangalala kuti m'nyumba muli phokoso.

Patatha zaka ziwiri eni loji anatopa. Bambo Kachingwe anaitana ana aja nawauza mosabisa kuti: kukubwera mpikisano wa chigawo chonse cha kumpoto, wopambana akapikisana ku Lilongwe. Nkhungu zikapambana, timu ipitirira. Zikagonja, chipinda chibwerera kukhala chosungiramo matilesi. Sabata yomweyo Esnati anaimba foni kuti wapezera Lusungu malo pa saluni ku Joni, angoti inde, tikiti ibwera. Lusungu anati, "Agogo, timu ikatha ndilibe chokhalira kuno." Ananena akuyang'ana pansi. Ine ndinayang'ana kudenga, ngati ndikufuna pamene pamadontha.

Ndiye mwamva: tikapambana mwana akhala, tikagonja mwana apita kumene anapita mayi wake. Munthu ngati ine akanangokhala manja lende?

Apa ndiyenera kufotokoza za mchimwene wanga, malemu. Pa unyamata wake ndiye ankasamala timu ya mpira weniweni ya m'mudzi mwathu, osati kusewera, koma zinazo. Kukakhala masewera, ankayendera bwalo lonse kufuna pamene pakumbidwa, ndipo akakayikira kuti adani akwirira kanthu pagolo, ankawazapo madzi a mchere kuti mankhwalawo asukuluke. Wonyamula ndowa ndinali ine. (Ndine Mkhristu, bulauzi yoyera ndimavala, ndipo zinthu zimenezo sindizikhulupirira. Chimene sindikhulupiriranso n'chakuti anthu ena anazisiya.)

Nkhungu zinadutsa matimu a ku Rumphi ndi ku Karonga. Ndime yomaliza inagwera pa loji pomwepa, Loweruka, ndi timu ya ku Mzuzu. Ndinafika m'mawa anthu akusesabe, ndinayendera holo yonse, ndinasuzumira pansi pa matebulo ndi kuseri kwa TV. Bambo Kachingwe anati, "Agogo, mwataya chiyani?" Ndinati ndolo. Ine sindinaboole makutu.

A ku Mzuzu anatsika mu minibasi atavala majekete ofanana. Mtsogoleri wawo, amenenso anali kaputeni, anali bambo wa zaka ngati makumi atatu, dzina lake Yamikani. Anabwera molunjika kwa ine, anagwada pang'ono, nati, "Timuoneni, ama. Mwe uli?" Chitonga chake chinali chophunzira dzulo, chikununkha sitolo. Ndinayankha kuti, "Nde umampha," koma mumtima ndinati: munthu uyu wavutikiranji kuphunzira moni wa kwathu? Ndi nkhalamba zingati zimene wazidutsa pamsewu osazigwadira? Ndinakokera mpando wanga pamene ndikanaona manja ake.

Lamulo la masewerawa n'lakuti asanayambe, mbali iliyonse imayendera mapadi a inzake, kuti pasakhale chinyengo. Aliyense amabwera ndi yake. Ya Lusungu inali yakale, yofufuma pamene pamakhala zala zake, ndipo ankaigoneka m'sokosi pansi pa pilo. Yamikani anaitenga, anaitembenuza, anaigwedeza pafupi ndi khutu. Kenako, ndikuona ndi maso anga awa, anapisa m'thumba la jekete natulutsa kabotolo kopanda chizindikiro, ndi kathonje. Anadontheza, anapaka mozungulira timitengo tiwiri toyendetsera ta pa padiyo, anauzira mpweya katatu, milomo ikuyenda. Anachitanso chimodzimodzi pa ya Gomezgani ndi ya Timoti. Ndipo ana anga opusawo anati, "Yewo, ada." Kuthokoza!

Ndinamkoka Lusungu pambali. "Waona zimene wachita munthu uja?"

"Ndi sipiliti, agogo. Akuchotsa mchenga."

"Mchenga amauuzira katatu?"

"Agogo, chonde. Lero lokha khalani pansi."

Ndinakhala pansi. Timoti anayamba, napambana, holo yonse inaphulika. Gomezgani analowa, ndipo apa ndi pamene ndinatsimikiza. Mnyamata amene amamasula injini ya boti atatsinzina anaphonya penate. Mpira unapita kumwamba ngati ukufuna nkhwazi. Anagonja, nayang'ana padi yake, naigwedeza, nati, "Kaya yatani lero." Mawu amenewo anandilowa ngati msomali. (Pambuyo pake ndinamva kuti amanena zimenezo tsiku lililonse akagonja, kuyambira ali kwa ometa tsitsi. Bwenzi wina atandiuza.)

Inakhala imodzi imodzi. Yotsiriza, yogamula zonse, inali ya makaputeni, Lusungu ndi Yamikani, koma atatha kudya. Lusungu anasonkhanitsa mapadi onse atatu m'chikwama, nabwera nacho kwa ine pamaso pa anthu. "Sungani agogo. Pano palibe angalande kanthu kwa inu." Anthu anaseka. Ine ndinanyada.

Onse atalowa kodyera, ndinazungulira kuseri, kukhitchini. Wophika wamkulu ndi a Nachisale a ku Ntcheu, mayi wonenepa wosasunga mawu.

"A Nachisale, ndibwerekeni beseni. Ndi mchere."

"Wochuluka bwanji, agogo?"

"Wodzaza manja awiri."

"Mukufuna kuthira pa nsomba?"

"Zazing'ono zitatu."

Ndinatunga madzi a m'nyanja enieni, monga ankachitira mchimwene wanga, ndinasungunula mchere, ndinalawa, ndinaonjezera. Poyamba ndinangofuna kuwaza. Koma ndinaganiza: mankhwala aja anawadonthezera m'timipata, alowa m'kati. Kuwaza pamwamba n'kunyengerera. Ndinaviika onse atatu. Anayandama ngati achule, ndiye ndinawapsinja ndi mwala monga timachitira chinangwa. Tinatuluka tithovu, phu phu phu, ndipo ndinati mumtima: tulukani, tulukani, bwererani ku Mzuzu. Ya Lusungu ndinaitsukanso ndi chala m'makona monse, chifukwa ndiyo inali yofunika. Ndinapempherera, kuti mbali zonse ziwiri zikhale zotsekedwa. Kenako ndinawayanika pa thandala la mbale, padzuwa la masana, ndikuwatembenuza ngati usipa. Pofika nthawi anali ouma gwa, kunja kwake, akuwala kuposa kale. Ndinawabwezera m'chikwama n'kukakhala pampando wanga, manja pamiyendo, nkhope ya m'tchalitchi.

Holo inadzaza. Kunabwera asodzi, ana a sukulu, antchito a m'maloji ena, azungu awiri ofiira ndi dzuwa. Achinyamata anakweza mafoni m'mwamba, ati masewerawa akuoneka pa intaneti mpaka ku Joni. Lusungu anatenga padi yake, anaipsompsona, anadina. Kanayaka kagetsi. Mtima unakhala pansi.

Woyimbira masewerawo anati ayese kaye. Kamunthu ka Lusungu ka pa TV kanayamba kuthamanga iye asanakhudze kanthu. Kanasiya mpira pakati, kanalunjika kukona, kanafika pa mbendera, n'kuyamba kuzungulira pamenepo kakunjenjemera ngati kagwidwa ndi mizimu. Lusungu anadina uku, anadina uko. Kamunthuko kanadumpha kawiri, kanagwa chagada, kagetsi kanathima.

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinaimirira.

"Mwaona! Mwaona nonse! Ndi uyu!" Ndinaloza Yamikani ndi ndodo. "Kabotolo kali m'thumba la kumanzere! Msecheni! Wabwera kudzalodza ana a eni, ndi Chitonga chake chobwereka!"

Yamikani anatulutsa kabotolo, napereka kwa woyimbira. Woyimbira ananunkhiza, napereka kwa bambo Kachingwe, nawonso ananunkhiza, nati, "Sipiliti wa kuchipatala, agogo."

"Ndiye kamunthu kaja kavina chifukwa chiyani?"

Apo n'kuti Lusungu atakweza padi yake n'kuigwedeza. Munamveka khuchukhuchu. Anaipendeketsa, ndipo madzi anatsikira pa jeze yake yachikasu, dontho, dontho, kenako kamtsinje. Anagwira ndi chala, analawa. Anandiyang'ana. Gomezgani anagwedeza yake: khuchukhuchu. Timoti yake: khuchukhuchu.

Ndipo kuchokera pakhomo la kukhitchini, mawu a a Nachisale, amene samadziwa kunong'ona: "Aaa! Ndiye nsomba zitatu zija ndi zimenezi?"

Anthuni, ndamvapo kuseka pa moyo wanga, koma kuja kunali kwina. Msodzi wina anatuluka panja kukagubuduka mumchenga. Azungu aja ankafunsa aliyense kuti chachitika n'chiyani, ndipo aliyense woyesa kuwafotokozera ankalephera pakati. Mafoni onse anachoka pa TV n'kuloza ine, ndodo ili m'mwamba, pakamwa pali yasa. Bambo Kachingwe anavula magalasi n'kukhala pansi. Mmodzi yekha sanaseke. Lusungu anangoti, motsitsa, "Agogo, mwatani?" Bola akanakuwa.

"Ndimakuteteza," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a wailesi ija.

Woyimbira anati malamulo ndi malamulo: timu yopanda padi yagonja. Amene anakana ndi Yamikani. Anati sanachokere ku Mzuzu kudzapambana ndi beseni. Anatenga padi yake yeniyeni, yatsopano, naipereka kwa Lusungu, iye natenga yapadera ya mnzake. Asanapereke anatembenukira kwa ine nati, "Ama, muiyendere kaye?" Holo inaphulikanso. Ndinakhala pansi.

Mwana wanga anasewera ndi padi yachilendo, yolimba, yosadziwa zala zake, jeze ili yonyowa, maso ali ofiira. Anamwetsedwa ziwiri msangamsanga. Kenako anapukuta manja pa siketi, anaweramira kutsogolo, nabweza chimodzi. Nabwezanso china mphindi yomaliza, mpaka a Nachisale anaponya chikombe m'mwamba. Ine amene sindidziwa ofusayidi ndinapezeka ndaimirira pampando. Anapita kumapenate. Yomaliza ya Lusungu inagunda chitsulo.

Ndi mmene inathera mbiri ya Nkhungu za ku Kande. Lolemba matilesi analowa m'chipinda chija. Gomezgani anabwerera ku mainjini, ndipo mpaka lero akandiona amawoloka msewu. Timoti amandipatsa moni, koma amauza alendo ake nkhaniyi akamadutsa pakhomo panga, ndimaona akuloza. Kanema uja anafika ku Joni ndisanafike kunyumba. Esnati anaimba, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri tinacheza nthawi yaitali, iye akulankhula, ine ndikumva.

Lusungu sanandilankhule masiku atatu. Ankaphika, ankandiikira madzi osamba, ankatsuka mbale, zonse mwaulemu woopsa. Tsiku lachinayi anatsitsa sutikesi ya mayi wake pamwamba pa kabati n'kuyamba kuipukuta fumbi. Ndinapita kumunda ndipo sindinalime kanthu.

Loweruka lotsatira, ndili pakhonde ndikusenda chinangwa, ndinaona jekete ija ikubwera. Yamikani, ndi paketi ya shuga m'manja. Anagwadanso.

"Ama, ndabwera kudzapempha."

"Kukhululuka? Ndakhululuka."

"Ayi ama, kudzapempha Lusungu. Munthu amene wandifikitsa kumapenate ndi padi yobwereka, akulira, sindingamsiye apite kukaluka tsitsi ku Joni. Timu yathu ili ndi nyumba ku Mzuzu, atsikana ali ndi chipinda chawo, alipo mayi wowayang'anira. Tikufuna apite nafe ku Lilongwe."

Kenako ndinati, "Ndiye moni wa Chitonga uja unali wa zimenezi."

Anaseka, nati anali atamva kale za Lusungu kuyambira chaka cha ketulo, ndipo anauzidwa kuti pakhomo pake pali agogo ovuta.

Mwamva? Ndinalondola! Munthu uja anabweradi kudzaba. Kungoti ine ndinkalondera mapadi, pamene iye ankayang'ana mwini zala.

Lusungu anali ataima pakhomo, sutikesi ili kumbuyo kwake. Mzuzu ndi ulendo wa minibasi, munthu amapita m'mawa n'kubwera madzulo. Joni ndi kumene anthu amasanduka mawu a pafoni. Ndinauza Yamikani abweretse pepala. Ndinaliwerenga kawiri, ndi kuseri komwe. Ndinapita ndekha ku Mzuzu kukaona chipindacho, ndinagwedeza loko, ndinamufunsa mayi woyang'anira uja za kwawo ndi za mpingo wake mpaka anatuluka thukuta. Pokwera minibasi yobwerera, Lusungu anandikumbatira nati, "Agogo, mukadzabwera kudzaonera, mudzakhale kutsogolo. Koma chikwama ndidzasunga ndekha."

Tsopano amabwera kamodzi pa mwezi, akakhala kuti alibe mpikisano. Padi yake yakale ili pawindo, yachita dzimbiri loyera m'timipata. Ana a sukulu akamadutsa amakuwa kuti, "Kochi! Kochi wa mchere!" n'kuthawa. Abusa anandiitana kukacheza za madzi a mchere ndi bulauzi yoyera, ndipo zimene tinakambirana ndi za ife awiri.

Mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, inde: padi saviika. Koma za kabotolo kaja, mpaka lero palibe wandiuza chifukwa chake anauzira katatu.

M'nyumba muno mwakhala chete kwambiri. Nkhuku ndimaziwerenga katatu tsopano, poti palibe china chowerenga. Ndiye inu amene mumadutsa pamsewu wa kunyanjawu, mukafika pa Kande patukani, mudzandione ngati ndadzuka. Funsani kwa Kochi, aliyense akulozerani, akuseka. Mukafika pa mtengo wa mango muime, muodire mokweza, manja akhale poonekera. Tiyi ndikupatsani, wa pamoto, poti mu ketulo muli nyemba. Foni yanu ikhale m'thumba. Mukaitulutsa n'kuyamba kundiloza nayo, dziwani kuti beseni ndinagula langa, ndipo mchere m'nyumba muno sutha.